August Möbius ndi masamu a mafuwa atatu

Aliyense amene anaphikapo pa mafuwa akudziwa kuti mphika ukakhala pakati, mafuwa onse atatu amagawana kulemera kwake mofanana. Ukasendera mbali imodzi, fuwa la mbali imeneyo limasenza zambiri. Ukapitirira malire, mphika umagubuduka. Munthu amene anasandutsa mfundo yotereyi kukhala masamu ndi August Ferdinand Möbius wa ku Germany, ndipo lero makompyuta opanga zipangizo zachipatala amaidalira.

Möbius anabadwa pa 17 November 1790 ku Schulpforta, m'dera la Saxony. Bambo ake, omwe ankaphunzitsa kuvina, anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Mu 1809 analowa yunivesite ya Leipzig kuti aphunzire zamalamulo, koma posakhalitsa anazisiya n'kuyamba masamu ndi sayansi ya nyenyezi. Mu 1813 anapita ku Göttingen kukaphunzira kwa katswiri Carl Friedrich Gauss.

Mu 1816 anayamba kuphunzitsa ku Leipzig pa udindo wotsika. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukopa ophunzira, ndipo anadikira zaka 28 kuti akwezedwe kukhala pulofesa weniweni mu 1844. M'zaka zodikirazo, mu 1827, ndi pamene anasindikiza buku lake la Der barycentrische Calcul.

Mfundo ya m'bukuli ndi iyi. Jambulani chinthu cha ngodya zitatu, ndipo muike kadontho paliponse mkati mwake. Malo a kadonthoko mungawafotokoze ndi manambala atatu, oonetsa gawo la katundu limene ngodya iliyonse ingasenze katunduyo ataikidwa pamenepo. Mukawaphatikiza amakwana 1. Nambala imodzi ikatsika kupitirira ziro, ndiye kuti kadontho kali kunja, ngati mphika umene wagubuduka uja.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi zaumoyo? Akatswiri akamakonza chitsulo cholowa m'malo mwa mfundo ya m'chiuno, amafuna kudziwa pamene fupa lidzapanikizike kwambiri asanachiike mwa munthu. Amatenga chithunzi cha CT, n'kuligawa fupalo pakompyuta m'tizidutswa tambirimbiri, ta ngodya zitatu kapena zinayi. Njirayi imatchedwa finite element method. Mwa njira yake yosavuta, kompyuta imapeza yankho pa ngodya za tizidutswato pokha.

Koma malo amene dokotala akuwadera nkhawa, monga pamene nsonga ya chitsulo yagunda fupa, kawirikawiri sagwera pa ngodya. Apa kompyuta imachita zinthu ziwiri. Choyamba imafufuza kachidutswa kamene malowo alimo. Kuyesa tizidutswa mamiliyoni kamodzikamodzi kungadye nthawi, choncho imayamba yatiika m'mabokosi malinga ndi kuyandikana kwake, n'kutsegula bokosi loyenera lokha. Manambala a Möbius ndiwo amatsimikiza kachidutswa koyenera. Chachiwiri, imagwiritsa ntchito manambala omwewo posakaniza mayankho a pa ngodyazo.

Tiyerekeze ndi kutentha. Ngodya zili ndi madigiri 36, 38 ndi 40, ndipo magawo a kadontho kathu ndi theka, kota ndi kota. Ndiye kuti 18 kuphatikiza 9.5 kuphatikiza 10, yankho ndi 37.5. Kompyuta ikasankha kachidutswa kolakwika, yankho limasokonekera, ndipo malo ofooka pa fupa angaoneke ngati olimba.

Möbius anakhala mkulu wa malo oonera nyenyezi a ku Leipzig mu 1848. Ambiri amamukumbukira ndi kalamba kopotoka ka mbali imodzi yokha kamene anakatulukira mu 1858. Anamwalira ku Leipzig pa 26 September 1868, makompyuta asanabwere.

Ife a zachipatala dzinali timalidziwira kwina. Mdzukulu wake, Paul Julius Möbius, anali dokotala wa mitsempha, ndipo matenda obadwa nawo amene amachititsa mwana kulephera kumwetulira komanso kuyendetsa maso chammbali amatchedwa ndi dzina lake. Agogo akewo sanagwirepo wodwala, koma manambala awo atatu amathandiza kuti chitsulo cha m'chiuno chiyesedwe bwino chisanalowe m'thupi la munthu.