SCOTT FORBUSH, MUNTHU WOLEZA MTIMA

Anzanga, usiku tikayang'ana kumwamba kuno ku Nsanama timayesa kuti pakati pa nyenyezi palibe kanthu. Si conco ai. Mlengalenga mumauluka tizidutswa tosaoneka ndi maso, tocokera kutali kupitirira dzuwa, ndipo timagwera pa dziko lapansi usana ndi usiku. Pa Cizungu amati cosmic rays. Munthu amene anaona kuti dzuwa limacepetsa ndi kucurukitsa tizidutswati ndiye Scott Forbush.

Forbush anabadwa m'caka ca 1904 ku Ohio, m'dziko la Amereka, nakulira pa munda. Atatha maphunziro analowa nchito ku Carnegie Institution, ndipo anamtuma ku Huancayo, ku mapiri a Peru, kukayesa mphamvu ya maginito ya dziko. M'caka ca 1929 combo ca Carnegie, cimene anali kugwiramo nchito, cinaphulika ndi kupsa ku Samoa, koma iye anapulumuka.

Pambuyo pace anayang'anira makina owerenga tizidutswa tija ku Amereka, Peru, New Zealand ndi Greenland. Inali nchito yotopetsa, masamu okhaokha. M'caka ca 1937 anaona kuti maginito a dziko atasokonezeka, ciwerengero cinatsika mwadzidzidzi m'malo otalikirana, nicibwerera pang'onopang'ono patapita masiku. Kutsikaku kunapatsidwa dzina lace. M'caka ca 1954 anasonyezanso kuti mawanga a pa dzuwa akacuruka, monga amacita pa zaka 11 zilizonse, tizidutswa timacepa.

Cifukwa cace cinadziwika bwino pambuyo pa 1958, pamene Eugene Parker analongosola za mphepo yocokera ku dzuwa. Mphepoyi imathamanga mailosi ngati 250 pa sekondi, itanyamula maginito a dzuwa, ndipo imakankha tina mwa tizidutswato. Dzuwa likalavula mtambo waukuru, mtambowo umasesa njira monga kamvulumvulu asesa masamba pa bwalo la sukulu m'mwezi wa October. Lero anthu opita kuthambo amadalira nzeru imeneyi, pakuti tizidutswati timaononga thupi ndi makina.

Forbush anamwalira m'caka ca 1984. Iye anaona cizindikiro zaka 20 cifukwa cace cisanadziwike, koma sanataye mabuku ace. Ife amene timanyinyirika aphunzitsi akatipatsa masamu khumi, tiyeni timkumbukire.