PAUL NGOZI NDI MBALE YACE YOYAMBA

Ine ndifuna kukuuzani za katswiri wa gitala amene anamwalira ife tisanabadwe, koma dzina lace likali kumveka. Munthuyu ndiye Paul Ngozi wa ku Zambia.

Iye anabadwa ku Lusaka m'caka ca 1949. Dzina lace leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo, ndipo anakulira m'komboni ya anthu osauka ya Chibolya. Ali mnyamata anakonda nyimbo za blues ndi rock zocokera kutsidya kwa nyanja, maka-maka za Jimi Hendrix. Anaphunzira gitala ya magetsi kufikira anatha kuiliza ndi mano, ndipo cifukwa ca ukali wace poyimba anapatsidwa dzina lakuti Ngozi.

Atayimba kanthawi m'gulu la Musi-O-Tunya, anayambitsa gulu lace-lace, Ngozi Family, m'mene Chrissy Zebby Tembo anali woyimba ng'oma. Masiku amenewo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa nyimbo 100 za pa wailesi zikhale za eni dziko. Motero anyamata a magitala anapeza mwai, ndipo m'caka ca 1976 kampani ya Zambia Music Parlour inaturutsa mbale yoyamba ya gululi, dzina lace Day of Judgement, ndiko kuti Tsiku la Ciweruzo.

Mbale imeneyi si yosalala ai. Gitala imalira mokalipa ngati mabvu oputidwa, ng'oma nazo zimagunda kolimba, ndipo munthu womvera amayesa kuti ali m'holo momwemo pamodzi ndi oyimbawo. Ine ndiganiza kuti mphamvu yace iri pomwepo. Paul sanadikire kuti akhale ndi zipangizo zonga za ku London, koma anayamba ndi zimene anali nazo. Pambuyo pace anaturutsa mbale zina, monga 45,000 Volts ndi The Ghetto, nayimba m'Cingerezi ndi m'Cinyanja za umoyo wa m'makomboni.

Koma mtengo wa mkuwa utagwa ndalama zinasowa m'Zambia, anthu naleka kugula mbale, ndipo nthenda ya Edzi inatha oyimba ambiri. Paul anamwalira m'caka ca 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Ku Kabwata, mu Lusaka, mseu wina unapatsidwa dzina lace. M'caka ca 2014 kampani ya ku America, Now-Again, inaturutsanso mbale yoyamba ija, ndipo mu 2024 woyimba Tyler, the Creator anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family nacilowetsa m'nyimbo yace.

Kwathu kuno ku Benga ana amapanga mabanjo ndi zitini ndi twaini wa asodzi, koma akulu ena amati kuyimba ndi nchito ya malova. Tsono ine ndipempha makolo athu kuti asathyole banjo ya mwana, pakuti Paul Ngozi nayenso anali mwana wa m'komboni amene sanali kuwerengedwa. Anzanganu amene muli ndi luso, limbikirani sukulu, koma lusolo musalitaye.