Mai Josina Machel, Msungwana Amene Ananyamula Mfuti

Kuno kwathu ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, Mozambique si dziko lakutali. Tikakwera mapiri kupita ku Dedza, malire ali pomwepo, ndipo kutsidya kwa nyanja yathuyi kuli chigawo cha Niassa, kumene abale athu Anyanja amalankhula chinenero chomwechi. Masiku ano ana athu aakazi ena akupita kukaphunzira usilikali ku Salima, ena upolisi pompano pa Mtakataka, ndipo m'mabanja ambiri pamabuka mkangano: kodi mfuti njoyenera mwana wamkazi? Nchifukwa chake pa chikondwerero chino cha bungwe lathu taona kuti nkwabwino tikufotokozereni moyo wa Mai Josina Machel, amene anakumana ndi funso lomweli zaka zoposa 50 zapitazo.

Mai Josina Muthemba anabadwa pa 10 Ogasiti, 1945, ku Vilanculos, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Agogo awo aamuna anali mlaliki wa mpingo wa Presbyterian, ndipo bambo awo anali namwino m'zipatala za boma. Ntchito ya bambo awoyo ndiyo inawapatsa mwai wa sukulu, umene ana akuda ambiri, makamaka asungwana, sankaupeza mu ulamuliro wa Apwitikizi. Atasinkhuka anapita kukaphunzira za malonda ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ukutchedwa Maputo. Kumeneko analoŵa bungwe la ophunzira la NESAM, limene Bambo Eduardo Mondlane anayambitsa mu 1949, m'mene achinyamata ankakambirana mwachinsinsi za ufulu wa dziko lawo.

Mu Malichi, 1964, ali ndi zaka 18 zokha, anathaŵa m'dzikomo pamodzi ndi ophunzira anzawo kuti akaloŵe chipani cha FRELIMO ku Tanganyika. Mmodzi wa anzawowo anali Armando Guebuza, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko la Mozambique. Ulendowo unathera pa Victoria Falls, pamene apolisi a Rhodesia anawagwira nawabweza kwa Apwitikizi. Msungwanayo anakhala m'ndende miyezi ingapo, koma atatuluka sanabwerere m'mbuyo. Anathaŵanso kachiŵiri kudzera ku Swaziland, South Africa, Bechuanaland ndi Lusaka, mpaka anafika ku Dar es Salaam mu 1965.

Poyamba anawapatsa ntchito pa sukulu ya Mozambique Institute, yophunzitsa ana othaŵa kwawo, kumene ankathandiza Mai Janet Mondlane. Kenaka panapezeka mwai woti akapitirize maphunziro ku Switzerland. Ndani mwa ife akanaletsa mwana wake kulandira mwai wotere? Koma iwo anaukana, nasankha kuloŵa gulu la asilikali aakazi limene linali litangoyamba kumene.

Gulu limeneli silinayambe ndi anthu ophunzira. Nkhondo itabuka pa 25 Seputembala, 1964, amai akumudzi a ku Cabo Delgado ndi ku Niassa ndiwo ankalima ndi kuphikira asilikali, nasenza zipolopolo pamutu masiku ambiri kuchokera kumalire a Tanzania. Adani akatulukira, amaiŵa ankapezeka ali chimanjamanja. Tsono iwo eni anapempha kuti awaphunzitse kugwira mfuti. Mu Okutobala, 1966, akuluakulu a chipani anavomera kuti akazi atenge mbali pa ntchito zonse za nkhondoyo, ndipo mu 1967 asungwana oyamba anapita kumsasa wa Nachingwea, kumwera kwa Tanzania. Umu ndimo linabadwira gulu lotchedwa Destacamento Feminino, ndiye kuti Gulu la Akazi. Mai Josina nawonso anaphunzira usilikali komweko miyezi itatu. Mkulu wa maphunzirowo anali Samora Machel.

Tiyenera kunena zoona: ngakhale anaphunzira zofanana ndi amuna, si onse amene ankapita kutsogolo kukalalira adani. Ena anamenya nkhondo ndithu, koma ambiri ankalondera midzi imene inali m'manja mwa FRELIMO, kuperekeza onyamula katundu, kusamala ovulala, ndi kuyenda m'midzi kufotokozera anthu cholinga cha nkhondoyo. Pa ntchito yotsirizayi ankapambana amuna, chifukwa mnyamata wozengereza ankachita manyazi akaona msungwana atavala yunifolomu, mfuti ili paphewa.

Komabe si onse anakondwa nazo. Makolo ena ankakaniza ana awo poopa kuti aonongeka makhalidwe ndipo sadzakwatiwa. Akuluakulu ena a chipani a ku Cabo Delgado, motsogozedwa ndi Lázaro Nkavandame, ankaona ngati nkuphwanya mwambo kuti msungwana agone kutchire pamodzi ndi asilikali aamuna. Nkhaniyi inafika pa msonkhano waukulu wachiŵiri wa FRELIMO, umene unachitika mu Julayi, 1968, ku Matchedje, m'nkhalango za Niassa pafupi ndi mtsinje wa Rovuma. Mai Josina anali mmodzi wa nthumwi, ndipo analimbikira kuti akazi apatsidwe malo ofanana ndi amuna pa ntchito iliyonse. Msonkhanowo unatsimikiza kuti Gulu la Akazi lipitirire ndi kukula.

Chaka cha 1969 chinali cha misozi ndi chimwemwe. Pa 3 Febuluwale Bambo Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisika m'phukusi ku Dar es Salaam, ndipo Mai Josina anakakhala ndi namfedwa, Mai Janet, kuwatonthoza. Mu Meyi anakwatiwa ndi Samora Machel ku Tunduru, ndipo mu Novembala anabereka mwana wamwamuna, Samito. Chaka chomwecho anawaika kukhala mkulu woyang'anira chisamaliro cha anthu m'chipanimo.

Apa mpamene timaona mtima wawo weniweni. Poyenda m'madera a nkhondo anaona ana ambiri amasiye, ena otupa ndi njala, ena osadziŵa kumene makolo awo anathaŵira. Anayamba kukhazikitsa malo olerera ana, timasukulu ndi tizipatala m'Tanzania ndi m'kati mwa Mozambique momwe. Kwa iwo mfuti ndi chikho cha phala sizinali zotsutsana. Msilikali yemweyo amene ankalondera mudzi usiku ndiye ankasambitsa mwana wamasiye kutacha. Ndiponso kuti mai apite kuntchito ya nkhondo mtima uli m'malo, panafunika malo osiyako mwana wake.

Mu 1970 anayamba kumva kuŵaŵa m'mimba ndi kufooka. Anapita ku Moscow kukaonana ndi madokotala, amene anawalangiza kuti apumule. Iwo anabwerera kuntchito. Chakumapeto kwa chaka chimenecho anasiya khanda lawo ku Tanzania nayenda pansi miyezi iŵiri m'chigawo cha Niassa, kuona mmene ana ndi asilikali aakazi ankakhalira. Mu Malichi, 1971, anapitanso ku Cabo Delgado, koma ulendo uno thupi linakana. Anabwerera ku Dar es Salaam ali wodwala zedi, namwalira m'chipatala cha Muhimbili pa 7 Epulo, 1971, ali ndi zaka 25. Mwana wawo anali asanakwanitse zaka ziŵiri. Ufulu umene anaumenyera unafika pa 25 Juni, 1975, iwo atagona kale. Mafupa awo anadzawasamutsira ku Maputo, kumene agona pamodzi ndi ngwazi zina za dzikolo, ndipo tsiku la 7 Epulo ndilo Tsiku la Amai a ku Mozambique.

Amai anzathu, ife sitilakalaka nkhondo. Ambiri a ife tikukumbukira othaŵa nkhondo ina ya ku Mozambique, ya pachiŵeniŵeni, amene anadzaza maboma a Dedza ndi Ntcheu m'zaka za m'ma 1980, ndipo ochuluka mwa iwo anali amai ndi ana. Nkhondo ikafika pamudzi siisankha kuti uyu ndi wamkazi. Amai a ku Niassa anaona zimenezi, nchifukwa chake anapempha kuti nawonso adziteteze.

Kuno ku Malaŵi asilikali aakazi anayamba kulembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ena mwa iwo apitako ku Congo pa ntchito yosungitsa mtendere. Mau amene ankanyozera anzawo a Mai Josina akumvekabe pazitsime ndi pamaliro: akuti msungwana wa yunifolomu ngwotayika, akuti sangasunge banja. Tisakhale ife ofalitsa mau otereŵa. Mwana wathu akabwera kudzatiuza kuti akufuna usilikali, tikhale naye pansi, timuuze kuopsa kwake mosabisa, timulangize monga tichitira ndi mlongo wake. Akalimbikira, timuperekeze kudepoti ndi kamba m'manja, ndipo akabwera patchuthi timulandire pakati pathu monga mwana wathu yemwe uja.