Alfred Wegener, Munthu Amene Adati Maiko Amayenda

Anzanga mukumbukira mapu a dziko lonse aja amene ankapachikidwa pakhoma m'kalasi ya jogalafe. Ambiri a ife tidaona kuti gombe la kuzambwe kwa Africa ndi gombe la kuvuma kwa South America zimalowana ngati mapale a mbiya imodzi yosweka. Munthu amene adalimbikira kunena kuti zimenezi sizidangochitika mwangozi adali Alfred Wegener, ndipo adamwalira akatswiri ambiri akumutsutsabe.

Wegener adabadwira ku Berlin, m'dziko la Germany, pa 1 November 1880. Adaphunzira za nyenyezi, koma ntchito yake yeniyeni idali ya zanyengo. Masiku amenewo akatswiri a za miyala ankakhulupirira kuti makontinenti adakhazikika pamene alipa kuyambira kalekale. Akapeza mafupa a nyama ya mtundu umodzi m'maiko olekanitsidwa ndi nyanja, ankati padali mtunda wolumikiza maikowo umene udamira.

Pa 6 January 1912, pa msonkhano ku Frankfurt, Wegener adanena kuti kale maiko onse adali chimtunda chimodzi, ndipo chitang'ambika zidutswa zake zidayamba kutalikirana. Buku lake lidatuluka mu 1915, iye atavulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Umboni adali nawo. Mafupa a Mesosaurus, kanyama kam'madzi kooneka ngati buluzi, amapezeka kummwera kwa Africa ndi ku South America kokha, chonsecho sikakadatha kusambira kuwoloka Atlantic. Miyala ya ku India, kumene lero n'kotentha, ili ndi mikwingwirima yosiyidwa ndi madzi oundana.

Pa msonkhano wa ku New York mu 1926 ambiri adakana maganizo akewo. Ena chidawaipira n'chakuti munthu wa zanyengo walowerera nkhani za miyala. Ife ogwira ntchito m'boma mtima umenewu timaudziwa: ganizo labwino limafera m'faelo chifukwa lachokera ku dipatimenti ina. Komabe tisawanyoze onse. Wegener adalephera kuonetsa mphamvu imene ingasunthe kontinenti yathunthu, ndipo Harold Jeffreys wa ku Cambridge atawerengetsa adapeza kuti mphamvu zimene iye ankatchula n'zochepa kwambiri. Pamenepo Jeffreys adalondola. Mmodzi mwa ochepa amene adaima ndi Wegener adali Alexander du Toit wa ku South Africa.

Mu 1930 Wegener adatsogolera ulendo wake wachinayi wa ku Greenland. Adapita kukapereka katundu kwa anzake amene adali pa msasa wa pakati pa chisumbucho, kuzizira kutafika poopsa. Pobwerera mu November, atangokwanitsa zaka 50, adamwalira panjira. Mnzake wa paulendowo, Rasmus Villumsen, adamuika bwinobwino m'chipale chofewa napitirira, ndipo sadaonekenso. Thupi la Wegener lidapezeka mu May 1931.

Padapita zaka zoposa 30 kuti mlandu wake uweruzidwenso. M'zaka za m'ma 1960 ofufuza pansi pa nyanja, monga Harry Hess, Fred Vine ndi Drummond Matthews, adaonetsa kuti pakati pa nyanja zikuluzikulu pamatuluka miyala yatsopano, ndipo pansi pa nyanjapo pamafutukuka masentimita ochepa pachaka, makontinenti n'kumayenda nawo.

Ife nkhaniyi tidaikhalira. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene Africa ikung'ambikira pang'onopang'ono, ndipo zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zidachokera m'ming'alu yomweyo.