Mbusa Andrew Murray (1828-1917): Wophunzira amene Sanatsirize Sukulu ya Pemphero

Pa tsamba lathu la mbiri ya anthu otchuka, ulendo uno ndasankha kukamba za mbusa wina wa ku South Africa, a Andrew Murray. Dzina la Murray si lachilendo kwa ife. Timalimva ku Mvera, timalimva ku Nkhoma, ndipo amene amawerenga Buku Lopatulika amagwira m'manja ntchito ya munthu wa banja lomweli. Koma a Murray amene ndikunena pano sanali mmishoni wa kuno. Iwo anali mkulu wa banjalo amene anatsala kwawo, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kupemphera ndi kuphunzitsa ena kupemphera. Chimene chandikoka mtima pa moyo wawo ndi chakuti ankaona pemphero ngati phunziro la m'kalasi, loti munthu amayamba osalidziwa, nalakwitsa, nabwereza, mpaka tsiku la imfa yake.

A Andrew Murray anabadwa pa 9 Meyi 1828 m'tauni ya Graaff-Reinet. Bambo awo, amenenso dzina lawo linali Andrew, anachokera ku Scotland m'chaka cha 1822 kudzatumikira ngati mbusa mu mpingo wa Dutch Reformed. Mayi awo anali a Maria Stegmann. Nyumba ya mbusayo inali pa njira ya apaulendo opita kumpoto, kotero amishoni ambiri ankagonapo, kuphatikizapo a Robert Moffat ndi a David Livingstone.

M'nyumba imeneyi munali mwambo umodzi umene ana sanauiwale. Lachisanu lililonse madzulo bambo aja ankadzitsekera m'chipinda chawo chowerengera. Mmenemo ankawerenga mbiri ya zitsitsimutso za m'maiko ena, kenaka n'kugwada kupempha Mulungu kuti atsitsimutse mpingo wa ku South Africa. Ana ankamva mawu a bambo awo akudandaulira Mulungu kuseri kwa chitseko. Anachita zimenezi kwa zaka zoposa 30 osaona chimene ankapempha. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo phunziro loyamba la pemphero limene mwana uja analandira linali lomweli.

M'chaka cha 1838, ali ndi zaka 10, Andrew anatumizidwa ku Aberdeen, ku Scotland, pamodzi ndi mkulu wake John, kukakhala kwa mbale wa bambo awo amenenso anali mbusa. Ife amene tinasiya makolo tili aang'ono kupita kukagonera ku sukulu tikhoza kumvetsa pang'ono, ngakhale kuti ife tinkabwerera kumudzi pa holide. Anyamata awiriwa anatha zaka 10 osaona kwawo. Anatsiriza digiri yawo mu 1845 ndi kupita ku Utrecht, m'dziko la Holland, kukaphunzira zaubusa ndi chiyankhulo cha Chidatchi. Kumeneko anapeza aphunzitsi ambiri ndi ophunzira anzawo ali ozizira pa za chikhulupiriro, kotero analowa kagulu kakang'ono ka ophunzira kotchedwa Sechor Dabar, kamene kankakumana kuwerenga Mawu ndi kupemphera. Chaka chomwecho Andrew analembera makolo ake kuwadziwitsa kuti wabadwa mwatsopano. Taonani anzanga: munthu anali atayamba kale maphunziro aubusa, koma kutembenuka mtima kunadza pambuyo.

Anadzozedwa ubusa ku The Hague pa 9 Meyi 1848, tsiku limene anakwanitsa zaka 20. Mu 1849 anatumizidwa ku Bloemfontein, kutsidya kwa mtsinje wa Orange, kumene alimi Achibunu anali atamwazikana m'dera lalikulu zedi popanda mbusa. Mnyamatayo ankayenda maulendo a masabata ambiri pa kavalo ndi pa ngolo ya ng'ombe, mpaka kuoloka mtsinje wa Vaal, kubatiza ana, kumanga maukwati ndi kugawa mgonero. Ntchitoyo inafooketsa thupi lake. Mu 1856 anakwatira a Emma Rutherfoord, amene anadzakhala mthandizi wamkulu pa ntchito yolemba mabuku.

Nkhani imene ndikufuna tiimepo pang'ono ndi ya mu 1860, a Murray atangosamukira ku mpingo wa Worcester. Tsiku lina Lamulungu madzulo achinyamata pafupifupi 60 anasonkhana m'kaholo kupemphera, motsogozedwa ndi a J.C. de Vries. Mtsikana wina wa mtundu wa makaladi, wa zaka ngati 15, wantchito pa famu ina, anapempha kuti ayambitse nyimbo ndi kupemphera. Wotsogolerayo anayamba wazengereza, koma kenaka analola. Mtsikanayo ali mkati mopemphera, kunamveka mkokomo ngati wochokera patali, ndipo mwadzidzidzi onse m'chipindamo anayamba kupemphera nthawi imodzi, ena mofuula, ena akulira.

Mkulu wa mpingo wina anathamanga kukaitana mbusa. A Murray atafika, sanakondwere nazo. Anayenda pakati pa achinyamatawo kuwalamula kuti akhale chete, nawakumbutsa kuti iwo ndiye mbusa wawo ndiponso kuti Mulungu ndi wa dongosolo. Palibe anawamva. Anayambitsa nyimbo, koma palibe anaiyimba. Potsiriza anatuluka ali okhumudwa. Patapita masiku, pa msonkhano umene ankatsogolera iwo eni, zomwezo zinachitikanso. Poyesanso kutontholetsa anthu, mlendo wina amene anaima pakhomo anawayandikira n'kuwachenjeza kuti asamale, chifukwa imeneyo inali ntchito ya Mzimu wa Mulungu, ndipo iye anali ataona zofanana ku America. Kuyambira pamenepo a Murray analeka kulimbana nazo nayamba kuzitsogolera.

Ine ndikaganizira nkhani imeneyi ndimaona zinthu ziwiri. Choyamba, mwana amene anakula akumva bambo ake akupempherera chitsitsimutso, ndiye amene anafuna kuchiletsa chitafika, chifukwa sichinadze m'maonekedwe amene ankayembekeza. Kupempha ndi phunziro lina, kuzindikira yankho ndi phunziro linanso. Chachiwiri, tikumbuke kuti zaka 3 zokha m'mbuyomo, mu 1857, Sinodi ya mpingo womwewo inali italola kuti azungu ndi anthu akuda azipembedza padera. Chigamulo chimenecho chinakula n'kukhala umodzi mwa mizu ya tsankho limene linazunza dzikolo kwa zaka zambiri. Koma pamene yankho la pemphero linafika ku Worcester, linadzera pakamwa pa mtsikana wa gulu lomwelo limene ankalikankhira kunja. Mpingo unalandira chitsitsimutso, koma phunziro ili sunaliphunzire msanga.

Chitsitsimutso chija chinafalikira m'matauni ambiri a chigawo cha Cape. Bambo Murray aakulu anachiona ndi maso awo asanamwalire mu 1866. Ku Paarl, mu 1861, kunayamba mwambo wosonkhana kupemphera masiku 10 a pakati pa tsiku lokwera Yesu kumwamba ndi tsiku la Pentekoste, ndipo mwambowo unakhazikika mu mpingo wonse. A Murray anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Sinodi mu 1862 ali ndi zaka 34, ndipo udindo umenewu anaugwira maulendo 6 pa moyo wawo. Anatumikira ku Cape Town kuyambira 1864, kenaka mu 1871 anapita ku Wellington, tauni yaing'ono imene anakhalamo mpaka imfa.

Pena timaganiza kuti munthu wopemphera kwambiri amakhala manja lende. A Murray sanali otero. Ku Wellington anatsegula sukulu ya atsikana yotchedwa Huguenot Seminary mu 1874, atabweretsa aphunzitsi awiri ochokera ku America, a Abbie Ferguson ndi a Anna Bliss. Mu 1877 anatsegulanso sukulu yophunzitsa amishoni. Kwa iwo, munthu ukapempha Mulungu kuti atumize antchito, uyenera kumanganso kalasi yowaphunzitsiramo.

Cha m'ma 1879 anagwa m'mayesero aakulu: mawu anatsekeka. Mlaliki wotchuka uja anakhala zaka ziwiri osatha kulalikira. Mu 1882 anapita ku London, nakakhala masabata angapo m'nyumba yopemphereramo odwala yotchedwa Bethshan, ndipo mawu awo anabwerera. Anthu amene ankawadziwa kale anati atachira anali munthu wina, wofatsa ndi wachifundo kuposa mnyamata waukali wa ku Bloemfontein uja. Izi sizikutanthauza kuti zowawa zonse zinachoka pa moyo wawo. Mayi Emma anamwalira mu 1905, ndipo iwo eni, chifukwa cha msana umene unavulala pa ngozi ya ngolo, atakalamba ankalalikira atakhala pa mpando. Sanaleke kupemphera chifukwa cha zimenezi.

Zaka zokhala chete zija zinabala mabuku. Onse pamodzi, akuluakulu ndi timabuku tating'ono, analemba pafupifupi 240, m'Chidatchi ndi m'Chingerezi. Lodziwika kwambiri pa nkhani yathuyi ndi With Christ in the School of Prayer, la mu 1885. Lili ndi maphunziro 31, limodzi pa tsiku kwa mwezi wathunthu, ndipo maziko ake ndi pempho la ophunzira a Yesu pa Luka 11, pamene anafuna kuti Ambuye awaphunzitse kupemphera. Mfundo yake, m'mawu anga, ndi iyi: Mkhristu sabadwa akudziwa kupemphera, mphunzitsi ndi Khristu mwini, kalasi yake ndi chipinda chobisika, buku lake ndi malonjezo a m'Mawu a Mulungu, ndipo kalasi yapamwamba ndi kupempherera ena. Iwo ankakana maganizo akuti pemphero ndi njira yongotonthozera mtima wa wopempherayo. Ankati ndi ntchito yeniyeni imene Mulungu anapatsa mpingo, ndipo ili ndi yankho.

Tsopano tifike pamene nkhaniyi ikukhudza dziko lathu. Mu 1886 abusa ena a mpingo wa Dutch Reformed anapanga bungwe lawolawo la umishoni, ndipo a Murray anali wapampando. Abusawo analonjeza kupereka ndalama za m'thumba mwawo kuti atumize mmishoni ku dera latsopano. Woyamba kutumidwa anali Andrew Charles Murray, mwana wa mng'ono wawo, amene anafika ku nyanja yathu mu 1888 nalandiridwa ndi a Robert Laws ku Bandawe. Pa 28 Novembala 1889, iye ndi a T.C.B. Vlok anakhazikitsa mishoni ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Mu 1894 kunabwera William Hoppe Murray, mwana wa mng'ono wawo wina, amene anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lonse m'chiyankhulo chathu, ntchito imene inatha mu 1922. Mishoni ya Nkhoma inatsegulidwa mu 1896, ndipo mu 1926 mpingo wa kumeneko unalowa mu CCAP. Masukulu a m'midzi ndi zipatala za m'chigawo chapakati zimene zinatuluka m'ntchito imeneyi tonse tikuzidziwa. Ukalondola chingwe chimenechi kubwerera m'mbuyo, umadutsa ku Wellington ndi ku Worcester, n'kukafika pa chitseko chotseka chija cha Lachisanu madzulo ku Graaff-Reinet.

Mu 1900 a Murray anaitanidwa ku msonkhano waukulu wa amishoni ku New York, koma sanapite chifukwa kwawo kunali nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi. Atawerenga zimene zinakambidwa kumeneko, analemba buku lotchedwa The Key to the Missionary Problem mu 1901. Mmenemo anati vuto la umishoni silili pa ndalama kapena pa kayendetsedwe ka ntchito, koma pa kufooka kwa moyo wauzimu wa mpingo ndi kusowa kwa pemphero. Anapuma pa ubusa mu 1906. Mu Epulo 1912, ali ndi zaka pafupifupi 84, anakhala nawo pa msonkhano ku Stellenbosch pamodzi ndi abusa, amishoni ndi ophunzira zaubusa oposa 200. Funso linali lakuti chifukwa chiyani mpingo wafooka. Anagwirizana kuti muzu wake ndi tchimo la kusapemphera, kuyambira pa abusa eni ake. Nkhalambayo, imene inali italemba mabuku ochuluka pa nkhaniyi, sinadzichotse pa gulu la ofunika kuphunzira. Kuchokera pa msonkhanowu kunatuluka buku lina, The Prayer Life. Anamwalira kunyumba kwawo ku Wellington pa 18 Januwale 1917, ali ndi zaka 88.

Anzanga, ambiri a ife tinasunga bwino masatifiketi athu, ena mu sutikesi, ena pa khoma. Maphunziro a masamu ndi sayansi tinawapititsa patsogolo, ndipo ena mwa inu lero ndi madokotala, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi. Koma ndifunse: nanga pemphero lathu lili kalasi yanji? Ndikuopa kuti ena tikadali pa mawu omwe aja amene tinaloweza pa asembule ya m'mawa, ndipo timawakumbuka mwana akadwala kapena ntchito ikagwedezeka, monga tinkachitira usiku woti mawa mayeso. Kuchokera pa moyo wa a Murray ndikutolapo zinthu zitatu zimene aliyense angathe kuyamba sabata ino. Patulani nthawi yodziwika, monga anachitira bambo awo, ndipo muisunge ngakhale zaka zipite. Pemphererani ena powatchula maina: aphunzitsi athu amene akalamba, amasiye a anzathu amene anatsogola, ndi ana amene akhala pa madesiki athu lero. Ndipo yankho likadza kudzera mwa munthu amene simumamuwerengera, musalithamangitse.

Mulungu akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu kufikira tidzaonane pa msonkhano wathu wa pachaka.