August Musarurwa: wogwira ntchito ku kampani ya nyama amene nyimbo yake inavinitsa dziko lonse

BULAWAYO – Dera la Belmont mumzinda wa Bulawayo, m'dziko la Zimbabwe, ndi la mafakitale, nyumba zosungiramo katundu ndi njanji za sitima. Kumeneko ndi kumene kampani ya boma yogula ndi kupha ng'ombe, imene poyamba inkatchedwa Cold Storage Commission, inaika likulu lake. Ambiri amaikumbukira kampaniyi chifukwa cha nyama, koma dzina lake linalowanso m'mbiri ya zoimbaimba kudzera mwa mmodzi wa antchito ake, malemu August Musarurwa, amene anapeka nyimbo yotchedwa Skokiaan.

M'chaka cha 1954 nyimboyi inamveka pa nyumba zoulutsira mawu za ku America, ndipo oimba otchuka a kumeneko analimbirana kuijambula. Mpaka lero ndi imodzi mwa nyimbo za kum'mwera kwa Africa zimene zajambulidwa kambirimbiri ndi oimba a maiko ena. Komabe mwini wake anakhala moyo wa munthu wolembedwa ntchito, ndipo luso lake analikulitsa m'maola amene ntchito ya abwana inkamusiyira.

A Musarurwa anabadwira ndi kukulira m'boma la Zvimba, m'chigawo cha Mashonaland, pa nthawi imene dzikolo linkatchedwa Southern Rhodesia. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Marshall Hartley, ya mpingo wa Methodist. Monga ankachitira anyamata ambiri odziwa kulemba ndi kuwerenga, iwo anapita ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare, kukafuna ntchito. Kumeneko anayamba ngati kalaliki pa kampani ina ya fodya.

Ali ndi zaka 22 analowa ntchito ya upolisi mu British South Africa Police. Poyamba anali womasulira, ntchito yofuna khutu lakuthwa chifukwa munthu amamva mawu m'chilankhulo china n'kuwabweza m'chilankhulo china nthawi yomweyo. Pambuyo pake anawasamutsira ku bandi ya apolisi.

Kusamukaku kunali ndi phindu lalikulu. M'masiku a atsamunda, munthu wakuda analibe sukulu yophunzirirako zitoliro za azungu, ndipo mtengo wa chida ngati sakisofoni unali woposa malipiro ake a miyezi yambiri. Mabandi a apolisi, a asilikali ndi a mipingo ndiwo anali malo amene munthu ankagwirako chida chotere, kuphunzira kuchisamala, kuyeserera tsiku ndi tsiku ndi kuzolowera kuimba mogwirizana ndi anzake. Mwambo umenewu a Musarurwa anachoka nawo pamene anasiya upolisi.

Atavula yunifolomu anapita ku Bulawayo, kumene analembedwa ntchito ku Cold Storage Commission ndipo ankakhala m'komboni ya kampaniyo. Boma linakhazikitsa kampaniyi m'chaka cha 1937 kuti izigula ng'ombe, kuzipha, kusunga nyama m'nyumba zozizira ndi kuigulitsa m'dzikomo ndi kunja.

Bulawayo wa zaka zimenezo anali likulu la njanji ndi mafakitale. Anthu ankafikamo kuchokera kumbali zonse: Amandebele, Ashona, Akalanga, a ku Northern Rhodesia, a ku Mozambique ndi a ku Nyasaland. Anthu a ku Nyasaland ena ankayenda pansi, ena ankakwera malole a Ulere, ndipo kuyambira m'chaka cha 1946 ambiri ankalembedwa ndi bungwe limene kwawo ankalitcha Mthandizi. Ena mwa iwo sanabwererenso kumudzi, ndipo ndiwo anatchedwa machona.

Makampani akuluakulu ankadziwa kuti anthu okhala m'komboni, kutali ndi mabanja awo, amafuna zosangalatsa. N'chifukwa chake ankalimbikitsa matimu a mpira, magule ndi mabandi. Ku Cold Storage kunabadwa gulu la dzina lalitali, African Dance Band of the Cold Storage Commission of Southern Rhodesia, ndipo mtsogoleri wake anali a Musarurwa. Gululi linali laling'ono: masakisofoni awiri, mabanjo awiri, ng'oma zachizungu ndi besi.

Bandi yotere inkaimbira anthu ovina, ndipo ovinawo ndiwo anali oweruza. Nyimbo yosautsa anthu pampando inkatayidwa, pamene yowadzutsa inkabwerezedwa mpaka aliyense m'gululo ataidziwa bwino. Kaimbidwe kawo kankatchedwa tsaba-tsaba. Muzu wake unali marabi, nyimbo za m'makomboni a Johannesburg zimene zimazungulira pa mawu ochepa obwerezabwereza, ndipo kanatengakonso kuchokera ku swing ya ku America imene anthu ankaimva pa galamafoni ndi m'nyumba za kanema.

M'kaimbidwe kameneka banjo inkagwira ntchito yosunga liwiro, besi ndi ng'oma zinkapereka mphamvu, ndipo sakisofoni inkatsogolera ngati mmene amachitira woyambitsa nyimbo pabwalo la gule. A Musarurwa ankaliza chida chawo mokweza ndi monjenjemeretsa mawu, n'kumatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina. Mawu amphamvu otere anali ofunika m'holo yodzaza anthu, m'masiku amene oimba ambiri analibe zokuzira mawu.

Dzina la nyimbo yawo yotchuka linachokera ku moyo wa m'komboni. Skokiaan, kapena chikokiyana m'Chishona, unali mowa wofululidwa mobisa umene unkapsa m'tsiku limodzi. Ofulula ankasakaniza ufa, madzi, shuga ndi yisiti, ndipo ena ankathiramo zinthu zoopsa kuti ukhale waukali. Unkafanana ndi kachasu wa ku Malawi pa mfundo yakuti unali mowa wa anthu osauka umene boma linkauletsa.

Lamulo linali ndi chifukwa chake. Khonsolo ya mzinda inadzipatsa yokha ufulu wogulitsa mowa wa masese kwa anthu akuda m'maholo ake, monga a ku Makokoba, ndipo phindu lake ndilo linkayendetsa ntchito za m'malokeshoni. Mowa wachizungu unali woletsedwa kwa anthu akuda mpaka m'chaka cha 1957. Amayi ofulula skokiaan ankapikisana ndi khonsolo, choncho apolisi ankawasakasaka, kutaya mowa wawo ndi kuwalipitsa. Motero munthu amene anakhalapo wapolisi anatcha nyimbo yake dzina la mowa umene apolisi ankalimbana nawo, ndipo omvera ake ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la dzinalo.

Katswiri wa mbiri ya zoimba David Coplan analemba kuti gululi linajambula Skokiaan koyamba m'chaka cha 1947. Mu June 1951, a Hugh Tracey, amene ankayendayenda m'maiko a mu Africa ndi makina ojambulira mawu, anajambula nyimbo zingapo za bandi ya Cold Storage ku Bulawayo. A Tracey ankagwira ntchito mothandizidwa ndi kampani ya Gallo ya ku Johannesburg, ndipo pa maulendo awo anafikanso ku Nyasaland m'zaka za 1950 ndi 1958.

Kujambula kwa nthawi imeneyo kunali kosakhululuka. Chimbale cha galamafoni chozungulira maulendo 78 pa mphindi chinkatenga nyimbo ya mphindi pafupifupi zitatu mbali imodzi. Oimba onse ankaimbira pamodzi, ndipo wina akaphonya ankayambiranso. Nyimbo imene ku dansi inkatha kupitirira kwa nthawi yaitali inkayenera kufupikitsidwa, kupatsidwa chiyambi chomveka ndi mathero oyenera. Apa ndi pamene luso la mtsogoleri wa bandi linkaonekera.

M'chaka cha 1954 Gallotone inatulutsa Skokiaan pansi pa dzina latsopano la gululo, Bulawayo Sweet Rhythms Band. Zimbale zokwana 170,000 zinagulidwa ku South Africa. Chimbale chimodzi chinafika ku America m'manja mwa woyendetsa ndege, ndipo chinaperekedwa kwa a Bill Randle, muulutsi wa pa wayilesi ya WERE mumzinda wa Cleveland. Ngakhale chinali chong'aluka, muulutsiyo anaikonda nyimboyo, ndipo posakhalitsa kampani ya London Records inayamba kutumiza zimbale zikwizikwi kuchokera ku Britain kupita ku New York.

Nyimbo ya anyamata a ku Bulawayo inafika pa nambala 17 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku America. Gulu la a Ralph Marterie linaijambulanso ndipo yawoyo inafika pa nambala 3. A Louis Armstrong, a Perez Prado ndi gulu la The Four Lads anatulutsanso zawo m'chaka chomwecho. Chisanathe chaka, Skokiaan inali itajambulidwa ndi magulu osachepera 19.

Kutchukaku kunasintha nyimboyo. A Musarurwa anaipeka yopanda mawu, koma ku America wolemba nyimbo Tom Glazer anaiikira mawu a Chingerezi. Mawuwo anajambula Africa ngati malo a chisangalalo chokhachokha, ndipo sanakhudze konse za mowa wobisa, apolisi kapena moyo wa m'komboni. Anthu mamiliyoni ankaimba dzina la Skokiaan osadziwa chimene linkatanthauza kwa anthu a ku Makokoba.

Chinthu chimodzi a Musarurwa sanachitaye, ndicho dzina lawo. Iwo analembetsa umwini wa nyimboyo, ndipo zimbale za ku America zinkawatchula ngati mpeki wake, ngakhale dzinalo linkalembedwa kuti Msarurgwa. Kufunika kwa zimenezi kumaoneka poyerekeza ndi zimene zinachitikira a Solomon Linda a ku South Africa. Nyimbo yawo ya Mbube, yojambulidwa m'chaka cha 1939, inasinthidwa ku America n'kulemeretsa anthu ena. A Linda anamwalira ali osauka m'chaka cha 1962, ndipo banja lawo linapeza mgwirizano wa malipiro m'chaka cha 2006 pambuyo pa mlandu.

Oimba akuda ambiri a nthawi imeneyo ankalandira ndalama kamodzi kokha pa tsiku lojambula, ndipo phindu la zimbale linkatsalira kampani. Pa chifukwa chimenechi ntchito ya mwezi ndi mwezi inali mzati wa moyo wawo. Kwa a Musarurwa, ntchito ya ku Cold Storage inawapatsa nyumba, malipiro ndi gulu la anthu oimba nawo. Mnzawo wa mumzinda womwewo, George Sibanda, katswiri wa gitala amene anatchuka ndi nyimbo ya Guabi Guabi, anapeza mbiri ndi ndalama mofulumira koma mowa unamufupikitsira moyo m'zaka za m'ma 1950.

Nyimbo za ku Bulawayo sizinathere m'malire a Southern Rhodesia. Machona ndi ena obwerera kumudzi ankanyamula magalamafoni, zimbale, mabanjo ndi magitala pamodzi ndi njinga ndi masuti. Nyumba ya wayilesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa mawu ku maiko atatu amene m'chaka cha 1953 anaphatikizidwa mu Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Wayilesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949, inafikitsa nyimbo za m'matauni m'midzi yambiri.

Njira yomweyi ndi imene inabweretsa kwela ku Malawi. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anakumana ndi kaimbidwe kameneka pamene banja lawo linkakhala ku Salisbury m'zaka za m'ma 1950, ndipo atabwerera kwawo anakasandutsa kukhala kawokawo.

Mu November 1960, a Louis Armstrong anafika ku Southern Rhodesia pa ulendo wawo wa m'maiko a mu Africa, ndipo anakumana ndi a Musarurwa. Aka kanali koyamba kuti mfumu ya lipenga ya ku New Orleans ionane maso ndi maso ndi mwini wa nyimbo imene inaijambula zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Malinga ndi a pabanja la a Musarurwa, mlendoyo anawapatsa jekete ndi kuwaitana kuti akacheze ku America. Ulendowo unalephereka chifukwa mkazi wawo anamwalira m'chaka cha 1962.

A Musarurwa anamwalira m'chaka cha 1968 ndipo anaikidwa m'manda kwawo ku Zvimba. Sanaone ufulu wa dziko la Zimbabwe umene unabwera m'chaka cha 1980.

Nyimbo yawo inapitirira ulendo. A Bill Haley ndi gulu lawo la Comets anali ataijambula kale m'chaka cha 1959. M'chaka cha 1978, a Hugh Masekela a ku South Africa ndi a Herb Alpert a ku America anaiika m'chimbale chimene anajambula limodzi. Mumzinda wa New Orleans oimba malipenga, monga a Kermit Ruffins, anaitenga ngati imodzi mwa nyimbo zawo. Ku Zimbabwe, wofufuza Joyce Jenje-Makwenda anapereka malo kwa a Musarurwa m'buku lake la mbiri ya nyimbo za m'malokeshoni, lotchedwa Zimbabwe Township Music.

Kampani imene inawalemba ntchito inasintha dzina n'kukhala Cold Storage Company. Inkagulitsa nyama ku maiko a ku Ulaya mpaka m'chaka cha 2001, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe anatseketsa msikawo, ndipo m'zaka zotsatira ntchito zake zinalowa pansi monga zinachitira za mafakitale ena ambiri a ku Belmont.

Mawu a bandi yake adakalipo. Zimene a Tracey anajambula zimasungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iwo anaikhazikitsa m'chaka cha 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Makhanda, ku South Africa. Zina mwa nyimbozo zinatulutsidwanso m'chimbale chotchedwa Bulawayo Jazz, ndipo womvera wa lero angathe kumva sakisofoni ya a Musarurwa ikutsogolera mabanjo monga inkachitira m'chaka cha 1951.