Roberto Clemente: Katswiri Amene Anafera pa Ulendo Wachifundo

Kwathu ku Mpingu ukatchula mpira, aliyense amaganiza za Bullets kapena Silver Strikers. Baseball, masewera omenya kampira kolimba ndi chibonga kenako n'kuliyatsa liwiro, ndi achilendo kwa ife. Komabe mbiri ya Roberto Clemente ndi yofunika tiidziwe.

Clemente anabadwa pa 18 Ogasiti 1934 ku Carolina, pachilumba cha Puerto Rico. Bambo ake, a Melchor, anali kapitawo m'minda ya nzimbe. Mu 1955 anayamba kusewerera timu ya Pittsburgh Pirates ku America, ndipo sanasinthenso timu mpaka imfa yake.

Poyamba anakumana nazo. Anali wakuda, chilankhulo chake chinali Chisipanishi. Kumwera kwa America sankaloledwa kugona hotela imodzi ndi anzake achizungu. Atolankhani ena ankanyoza Chingerezi chake n'kumamutcha Bob, koma iye anaumirira dzina limene makolo ake anamupatsa. Pabwalo ntchito zake ndi zimene zinkamuchitira umboni. Anathandiza timu yake kutenga chikho cha World Series mu 1960 ndi mu 1971. Pa 30 Sepitembala 1972 anamenya bwino kampira kachi 3,000, zimene osewera khumi okha anali atachitapo.

Pa 23 Disembala 1972 chivomerezi chinagumula mzinda wa Managua ku Nicaragua. Clemente anasonkhanitsa chakudya, zovala ndi mankhwala. Atamva kuti katundu woyamba wathera m'manja mwa akuluakulu a boma la Somoza, anaganiza zoperekeza yekha wotsatira, poyembekeza kuti akubawo amuchitira manyazi.

Usiku wa pa 31 Disembala anakwera ndege yakale imene inasenzetsedwa katundu wopyola muyeso. Itangonyamuka ku San Juan inagwera m'nyanja, ndipo onse anali m'katimo anafa. Thupi lake silinapezeke. Anali ndi zaka 38, ndipo anasiya mkazi wake Vera ndi ana aamuna atatu. Mpaka lero, chaka chilichonse wosewera amene watumikira bwino anthu amalandira mphoto ya dzina lake.

Ife amene tinaona za namondwe Freddy mu 2023 tikudziwa mmene banja lotaya zonse limadikirira thumba la ufa. Kupereka n'kwabwino, koma Clemente anafunanso kuonetsetsa kuti chafika kwa mwini wake. Ulendo wina tikamasonkha thandizo kutchalitchi kapena pano pakoleji, tidzafunsane: ndani akaliperekeza?